Mmene Gologolo Adatchukira ndi Chiguduli Chonyowa

Padangokhala. Amene mwakhala pansi kuti mumve, vomerani kuti tili tonse.

Padali mzinda wa nyama, ndipo pakati pake padali msika wozunguliridwa ndi khoma lalitali lopaka laimu. Meya wa mzindawo adali a Njiri. A Njiriwa adali ndi chizolowezi chimene iwo ankachitcha ntchito ya boma: m'mawa uliwonse ankazungulira msika kulawa malonda, ati kuti aone ngati nyama zikugulitsana zakudya zabwino. Popeza njiri siidya choimirira, ankagwada pa dengu lililonse n'kulowetsamo mutu, ndipo podzuka dengulo linkakhala litafika pakati. Pambuyo pawo pankayenda Sajeni Nyani ndi chibonga, kuyang'ana ngati pali wina wokwinya nkhope. Wokwinya padalibe. Aliyense ankawomba m'manja n'kuthokoza kuti Bwana alawa.

Mumzindamo munkakhala mayi wina wamasiye wa ana atatu, dzina lake Nalimata. Anawo ankawadyetsa ndi ganyu yozira nyumba za ena. Dothi ankalidziwa monga ena amadziwira abale awo: katondo wofiira, makande akuda, dothi loyera la kudambo, ndi kasakanizidwe ka phulusa ndi makala kuti zisasuluke msanga. Akatha kuzira, dothi lotsala ankaliika m'kambiya n'kupita nalo kwawo.

Tsiku lina adapeza mnzake Nkhanga atakhala pambali pa dengu lake la mtedza, akulira mosatulutsa mawu. A Meya adali atangolawa kumene. Nalimata adadikira mpaka dzuwa litafika paliwombo, nthawi imene amalonda amaodzera ndipo Sajeni amagona pakhonde la ofesi yake chibonga chili pamimba. Pamenepo adakwera khoma la msika ndi kambiya kake.

Amalonda podzidzimuka adapeza a Njiri ali pakhoma: atagwada, mutu uli m'dengu, mchira uli njo, ndipo chisoti chaumeya chili kunsonga kwa mchirawo. Msika wonse udagwira nthiti. Ngakhale Nkhanga adaseka misozi isadaume.

Sajeni adathamanga kukanena. A Meya sadapite kukaona ndi maso awo, pakuti wamkulu sayenda ulendo wokaona chimene akum'seka nacho. Adangolamula zinthu ziwiri. Choyamba, aliyense wogwidwa akujambula pakhoma adulidwe mchira n'kupirikitsidwa mumzinda ndi banja lake lonse. Chachiwiri, papezeke wantchito wofufuta makoma, amene azilandira mbale ya mtedza pa chithunzi chilichonse chimene wafufuta.

Ntchito imeneyi adaitenga Gologolo. Gologoloyu adalibe munda, adalibe malonda, adalibe luso lililonse la manja. Chimene adali nacho ndi pakamwa. Adalinso mlamu wake wa Nalimata, pakuti masiku amenewo nyama zinkakwatirana mosayang'ana ubweya.

Atafika pakhoma adayesa kukhula ndi tsache, koma dothi lidali litauma gwa. Ulesi udam'phunzitsa nzeru. Adaviika chiguduli m'madzi, n'kuchimata pa chithunzicho kuti dothi lifewe, iye n'kupita kukacheza. Pobwera adamatula chiguduli chija, ndipo adaona zodabwitsa. Khoma lidali mbee, koma a Njiri adali atasamukira pachiguduli, atatembenuka kumanja kupita kumanzere, atasuluka pang'ono ngati munthu wooneka m'nkhungu.

Gologolo adayang'ana chigudulicho nthawi yaitali. Kenako adapita nacho kwa Sajeni n'kumufotokozera kuti mlandu wopanda umboni ndi miseche chabe. Tsiku limene wojambulayo adzagwidwe, a jaji adzafunsa kuti zithunzizo zili kuti, ndiye ndi bwino kuzisunga zonse mwadongosolo, chilichonse ndi tsiku lake ndi malo ake. Sajeni adaona kuti ndi nzeru, ndipo adakauza a Meya ngati kuti ndi yake. A Meya adamuonjezera Gologolo mbale yachiwiri ya mtedza, ya usunga-umboni.

Madzulo ake Gologolo adadutsira kwa Nalimata. Adam'peza akusambitsa ana, ndipo adayang'anitsitsa katondo amene adatsalira m'zikhadabo zake.

"Alamu, mchira uja mudauimika bwino," adatero.

Nalimata adauza ana kuti alowe m'nyumba.

"Mukanena?"

"Ndikanene kuti ndizidya chiyani? Inu jambulani, ine ndizifufuta. Khoma ndi lalitali, ndipo a Meya ali ndi mbali zambiri."

Nalimata adafunsa ngati sizimamupweteka kufufuta chinthu chimene msika wonse wasangalala nacho. Gologolo adayankha kuti iye safufuta, amasunga. Khoma limaiwala mvula ikangogwa, koma chiguduli chimakumbuka. Tsiku lina zidzukulu zidzafuna kudziwa amene adaseketsa msika m'masiku a mantha, ndipo iye Gologolo ndiye adzaimirire n'kutchula dzina. Nalimata adakhulupirira pang'ono, ndipo pang'onopo padakwana.

Kuyambira pamenepo, masana Nalimata ankajambula, nyama zinkaseka, dzuwa likapendeka Gologolo ankabwera ndi chiguduli. Pomata chigudulicho ankaimba nyimbo yake. Idali nyimbo yaifupi ya munthu wodzichepetsa, yonena kuti iye ndi wantchito chabe, ndipo dzanja lofufuta silidziwana ndi dzanja lolemba. Amayi a pamsika ankavomereza kumapeto kwa mzere uliwonse kuti inde silidziwana, uku akuwomba pa malichero, ndipo ngakhale Sajeni ankagwedeza mutu motsatira.

Matendawa adafalikira. Namzeze adayamba kumata timadontho ta matope pamwamba pa zitseko za akuluakulu. Nkhono ankasiya mizere yonyezimira pakhoma la ofesi ya Sajeni yeniyeniyo, ngakhale liwu limodzi linkamutengera masiku awiri. Gologolo ankawatsata onse. Ankadziwa dzanja la aliyense, tsiku limene adayamba, ndi khoma limene ankakonda. Ziguduli zidachuluka mpaka adamanga chingwe kuseri kwa ofesi kuti aziziyanika. Sabata iliyonse ankauza Sajeni kuti wolakwayo watsala pang'ono kugwidwa.

Ndiyeno kudabwera mlendo. Adali Mayi Nthiwatiwa a ku mzinda waukulu wa kutsidya, amene ntchito yawo idali kufunafuna zinthu zokongoletsera nyumba za olemera. Kutsidyako, iwo akati chinthu n'chokongola, chinkakongola tsiku lomwelo. A Meya adawayendetsa mumzinda monse kuwaonetsa mipando yosema ndi mphasa zoluka bwino, koma mayiwo ankangoyasamula. Podutsa kuseri kwa ofesi ya Sajeni, adaima. Khosi lawo lidali lalitali, choncho adalipinda pamwamba pa chingwe n'kuyang'ana chiguduli choyamba chija chozondoka, miyendo ya a Njiri ili kumwamba.

Kenako adati sadaonepo chinthu chozama chotere. Ati chikuonetsa mtengo wachisoni umene mizu yake ikufunafuna kumwamba. Adafunsa kuti ndi ntchito ya yani.

Gologolo adali pomwepo ndi ndowa yake. Akadatchula Nalimata, mlamu wake akadaduka mchira dzuwa lisadalowe. Ili lidali ganizo loyamba, ndipo lidali labwino. Lachiwiri lidabwera msangamsanga pambuyo pake, ndipo lidali la mikanda imene idali m'khosi mwa Mayi Nthiwatiwa.

"Ziguduli zonsezi, mayi, zadutsa m'manja mwangamu," adatero, maso ali pansi.

Silidali bodza. Gologolo sankakonda kunama pamene choona chingathe kugwira ntchito yomweyo.

Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Pofika mawa lake Gologolo sadalinso wofufuta makoma, adali a Katswiri. Adamuveka mkanjo, adamupatsa nyumba ya zitseko ziwiri, ndipo nyama zimene dzana zinkamukaniza moto zidayamba kufotokoza kuti zidaona luso lake ali wamng'ono. Alendo adayamba kuwoloka kudzaona chingwe cha ziguduli, iye n'kumawafotokozera tsiku ndi malo a chithunzi chilichonse, osaphonya, pakuti mbiriyo ankaidziwadi. Chimene ankadumpha ndi maina okha. A Meya nawo, posafuna kutsalira, adatenga chiguduli choyamba chija n'kuchipachika m'chipinda chawo chochezera, chozondoka monga adachionera mayi aja. Alendo akabwera ankawaonetsa mtengo wachisoni, n'kupukusa mutu mwachifundo.

Amene sadakondwe ndi Sajeni Nyani. Adauza a Meya kuti Gologolo amamudziwa kuyambira ali khanda, ndipo sadamuonepo akulemba ngakhale mzere umodzi woongoka. Adapempha kuti ayesedwe poyera. A Meya adavomera, chifukwa ankakonda misonkhano.

Tsiku la mayeso, adaika pakati pa msika chiguduli chatsopano ndi mbiya zitatu za dothi. Gologolo adazizungulira, kuzinunkhiza, n'kuima ngati wasokonezeka.

"A Sajeni, inu mwaona zithunzi zambiri pa ntchito yanu. Ine ndine wosaphunzira. Chithunzi chimene mukufunacho chimayamba bwanji?"

Sajeni adaseka monyodola. Adaviika chala m'katondo, n'kutembenukira pamalo osalala amene adali pafupi, n'kulemba chozungulira cha maso awiri ndi pakamwa. Adati ngakhale mwana woyamwa angathe zimenezi. Malo osalalawo lidali khoma la msika.

Gologolo adayambitsa nyimbo yake ija, amayi n'kuvomereza. Adaviika chiguduli, n'kuchimata pankhope imene Sajeni adalemba ija, ndipo ali mkati modikira adasendera pafupi n'kunong'ona.

"Msika wonse wakuonani mukujambula pakhoma, bwana. Ndikufufuta msanga kuti mchira wanuwo ugone kwanu lero."

Atamatula chiguduli n'kuchikweza m'mwamba, Mayi Nthiwatiwa adati izi ndiye zenizeni. Kutsidya akatswiri aakulu sagwira dothi, amajambula ndi manja a ena. Adafunsa Sajeni maganizo ake. Sajeni, atagwira mchira wake ndi manja awiri, adati n'chokongola.

Madzulo ake Gologolo adapita kwa Nalimata atavala mkanjo, atanyamula mphatso. Mphatsoyo idali chiguduli chong'ambika choti ana azigonera. Nalimata adachilandira ndi manja awiri monga mwa mwambo, n'kuchiika pansi. Adamukumbutsa za zidzukulu zija ndi dzina limene adalonjeza kutchula. Gologolo adati nthawi yake sidakwane, lamulo likadalipo, ndipo iye akusenza kutchukaku ngati katundu pofuna kuteteza banja. Nalimata adayang'ana mkanjowo, n'kunena kuti katunduyo akuoneka kuti akumukhala bwino. Kenako adamuuza kuti sajambulanso. Namzeze ndi Nkhono atamva adalekanso, ati satha kumalimira munthu wamkanjo.

Makoma adakhala oyera sabata zitatu. A Meya adati lamulo lawo lagwira ntchito. Sajeni adazindikira kuti chitsime cha Gologolo chauma, ndipo adanyengerera Mayi Nthiwatiwa kuti aitane anzawo a kutsidya adzaone a Katswiri akupanga chithunzi chatsopano pamaso pawo. Ulendo uno Sajeni manja ake adawapinda kumbuyo, ndipo adalumbira kuti sagwira dothi ngakhale atamupempha mogwada.

Kudabwera a Kakowa ndi a Vuwo, mbalame zolemera zoyenda pang'onopang'ono. Gologolo sadapemphe dothi. Adaviika chiguduli m'madzi oyera, n'kuchimata pakhoma loyera, n'kuimba nyimbo ija motsitsa kwambiri, ngati ya pamaliro, moti amayi povomereza adachita kunong'ona. Atamatula, adachitambasula mosamala pamaso pa alendowo. Padalibe kanthu.

"Ili ndi khoma litakhala chete," adatero.

Alendowo adayang'ana. Aliyense ankadikira mnzake kuti ayambe kunena kuti sakuona kanthu, ndipo aliyense ankaopa kukhala woyambayo. Potsiriza a Kakowa adapukuta diso n'kunena kuti chawakumbutsa malemu amayi awo. A Vuwo, poona kuti apitiriridwa, adati iwo chawakumbutsa makolo awo onse awiri. Adatsala pang'ono kumenyana polimbirana chigudulicho. Pomatha mwezi, nyumba iliyonse ya ulemu kutsidya idali ndi chiguduli chopanda kanthu pakhoma, ndipo mumzinda wa a Njiri ziguduli zidasowa mpaka chimanga ankachituta m'manja.

Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. A Meya adayamba kudandaula kuti a Katswiri atchukitsa makoma, mitengo yachisoni ngakhale chete amene, koma sadajambulepo mwini mzinda. Sajeni adathirira moto. Adati chithunzi cha Bwana sichiyenera kukhala pachiguduli ngati mbatata, chikhale pakhoma lenileni la msika, chachikulu, cholembedwa ndi dzanja la a Katswiri iwo eni. A Meya adapereka chilolezo kwa Gologolo yekha. Sajeni adamanga mpanda wa bango kutchinga khomalo, adaikamo Gologolo ndi mbiya za dothi, iye n'kukhala pakhomo ndi chibonga. Adampatsa masiku atatu. Adagwirizananso kuti khoma likapezeka loyera, kapena likapezeka ndi zonyansa, ndiye kuti wanamiza boma, ndipo chilango chake ndi chomwe chija cha mchira.

Tsiku loyamba Gologolo adayesa yekha. Adalemba chinthu chimene ankafuna kuti chikhale mutu wa a Njiri, chidatuluka ngati dzungu lowola. Adafufuta msangamsanga, pakuti luso limenelo adali nalodi. Kenako adakhala pansi n'kuyamba kuimba. Chuni chidali chomwe chija, koma mawu adawasintha. Tsopano nyimbo inkati dzanja lofufuta lalakwa, lazindikira kuti lopanda dzanja lolemba ndi chitsa chabe, ndipo likupempha chibale chikumbukike. Amayi a pamsika, posamvetsa bwino mawu kuseri kwa mpanda, ankavomereza monga mwa masiku onse kuti inde silidziwana.

Nalimata adaimva nyimboyo akuzira khonde la wina pafupi ndi msika. Tsiku loyamba sadatukule mutu. Tsiku lachiwiri nyimbo idamveka yosasa mawu, ndipo iye adapitiriza ntchito yake. Tsiku lachitatu nyimbo inkangoduka pakati, ndipo mng'ono wake, mkazi wa Gologolo, adabwera kudzakhala pakhomo pake, akungopotokola nsalu. Dzuwa litafika paliwombo, Sajeni atayamba kuodzera, Nalimata adalowa pampata wa bango umene nyama ina iliyonse sikadakwanapo.

Adampeza Gologolo atakhala pambiya, mkanjo uli mbuu ndi dothi.

"Alamu, mwabwera," adatero. Ulendo uno sadali kuchita sewero.

"Ndabwerera mng'ono wanga. Valani chiguduli kumutu, ndipo musavule mpaka mpanda utagwa. Mukasuzumira ndisiyira pomwepo."

Gologolo adavala. Adakhala mumdima wa chigudulicho akumva kapitidwe ka timapazi pakhoma, kukwera ndi kutsika, mpaka dzuwa litapendeka. Kenako kudati zii.

M'mawa mwake mzinda wonse udasonkhana, ndi alendo a kutsidya omwe. Ng'oma zidalira, Sajeni adagwetsa mpanda, Gologolo adavula chiguduli, ndipo adaona khomalo nthawi imodzi ndi wina aliyense.

Chidali chithunzi chokongola kuposa zonse zimene Nalimata adajambulapo, ndipo palibe akadachizondotsa. Pakati padali a Njiri atagwada m'dengu, chisoti chili kumchira. Kumanja kudali Mayi Nthiwatiwa, mikanda ili m'khosi, mutu wonse uli m'chiguduli chopanda kanthu. Kumanzere kudali Gologolo atavala mkanjo, akumatula chithunzi pakhoma uku akuyang'ana kumbuyo ngati wakuba nkhuku. Ng'oma zidaleka zokha. Mano a a Njiri adayamba kukukutika, ndipo Sajeni adanyambita milomo.

Gologolo adaona kuti akachedwa mpweya umodzi wokha, wina alankhula. Adagwada pamaso pa a Meya.

"Bwana, ndakhala ndikuvutika mumtima kuti akutsidya amakuyesani mtsogoleri wamng'ono. Kumeneko wamkulu weniweni amadziwika ndi kusekedwa pakhoma. Wosajambulidwa ndiye kuti palibe akumudziwa. Kapena ndanama, mayi?"

Mayi Nthiwatiwa sadamvepo mwambo wotero, koma sakadavomera pagulu kuti pali za kutsidya zimene gologolo akudziwa iwo osadziwa. Adati n'zoona. Kenako adafunsa, mawu ataumirira pang'ono, chifukwa chake mutu wawo uli m'chiguduli. Gologolo adati ena onse amaona kunja kwa chinthu, koma iwo okha ndi amene amalowa m'kati. Za iye mwini adati wadzijambula ngati mbala chifukwa waluso aliyense amaba kwa Mulengi, ndipo ayenera kuyenda akuyang'ana kumbuyo.

A Kakowa adayamba kulira. A Meya adayang'ananso khomalo, ndipo adaona kuti mwa atatuwo iwo ndiwo adajambulidwa aakulu. Adawomba m'manja, msika wonse n'kutsatira. Amalonda adati tsopano zadziwika: dzanja ili ndi lomwe lija la zithunzi zoyamba, ndiye kuti a Katswiri ndiwo ankajambula masana n'kumafufuta okha madzulo. A Meya adati zakale n'zakale. Mayi Nthiwatiwa adalamula kuti khomalo ligumulidwe mosamala, njerwa imodziimodzi, likamangidwenso kutsidya, ndipo a Katswiri apite nalo.

Apa m'pamene Nalimata adalephera kupirira. Adatuluka m'gulu, ana ake atatu ali pambuyo.

"Ndajambula ndine. Ichi, ndi zonse zoyamba zija."

Nyama zidaseka, ndipo ena adati ganyu yamuzungulitsa mutu. Iye sadakangane nawo. Adatola dothi lotsala m'mbiya, n'kukwera pakona ya khoma pamene padali poyera, ndipo aliyense akuona adajambula Nkhanga atakhala pambali pa dengu lofika pakati. Timadontho ta nthenga tidali tokwana, ndipo m'diso mudali msozi umene sudagwe. Nkhanga mwiniwake adaphimba kumaso.

Mayi Nthiwatiwa adapinda khosi, adayang'ana chakumanja, adayang'ana chakumanzere. Adati mayiyu ali ndi dzanja lofewa ndithu, ndipo waonera bwino kalembedwe ka a Katswiri. Koma aliyense wodziwa angaone kuti n'zongotengera. Mizere ilipo, mzimu mulibe.

Sajeni, amene mkwiyo wake udasowa pogwera kwa miyezi itatu, adaupezera malo. Adagwira Nalimata pakhosi n'kukumbutsa a Meya kuti chilolezo chidali cha mmodzi yekha, ndipo uyu wajambula pakhoma mzinda wonse ukuona. Adaitanitsa mpeni. Ana adayamba kulira.

Gologolo adayang'ana mpeniwo, adayang'ana mkazi wake, adayang'ana njerwa zimene zidali zitayamba kale kuchotsedwa. Akadatha kunena zoona. Adaziganizira ndithu, ndipo adaona kuti zoonazo zikadadula michira iwiri m'malo mwa umodzi. Adakweza dzanja.

"Musiyeni, a Sajeni. Ameneyu ndi wophunzira wanga. Ndidamutuma ndine kuti anene zimenezi, pofuna kuona ngati mumzinda muno muli maso otha kusiyanitsa mphunzitsi ndi wophunzira. Mayi Nthiwatiwa apambana mayeso. Chilolezo changa chimafika ndi kwa ondithandiza." Adatembenukira kwa Nalimata. "Si choncho, alamu?"

Dzanja la Sajeni lidali likadali pakhosi pake. Mwana wamng'ono adali atagwira mwendo wake. Nalimata adayang'ana mlamu wake m'maso nthawi yaitali, mpaka Gologolo adayang'ana kumbali. Kenako adagwedeza mutu kuvomera.

Gologolo adawoloka pamodzi ndi khoma. Kutsidyako sadajambulepo kanthu mpaka kukalamba, ndipo chaka chilichonse chimene sadajambule mbiri yake inkakulirakulira, ati a Katswiri akusinkhasinkha. Msika udatsala wopanda khoma, mphepo n'kumaulutsa ufa, ndipo a Meya adapitiriza kulawa, tsopano monyadira, pena n'kuimika mchira dala kuti alendo awazindikire.

Nalimata ntchito idam'chulukira. Aliyense mumzindamo adafuna khoma la nyumba yake lijambulidwe mofanana ndi kalembedwe ka a Katswiri, ndipo wophunzira wawo yekhayo adali iye. Ana ake adanenepa, denga lake lidaleka kudontha. Koma akamaliza khoma, mwini nyumba ankabwerera m'mbuyo, n'kupinda khosi monga adaonera kwa akutsidya, n'kunena mokoma mtima kuti mayi mwayesetsa ndithu, kungoti dzanja la mwiniwake ndi lina.

Nalimata ankangokwera pamwamba pa khomalo, pafupi ndi denga, n'kutsonya. Mukadzamva kutsonya kochokera pakhoma la nyumba yanu, musadzafunse kuti walakwa ndani.

Ine ndalekeza pano. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaione, mwina yapserera kale.